Bala Lamoto pa Mwendo wa Susana

Chinthu choyenda osamveka ine ndimachiopa. Njoka siimveka, matenda samveka, ndipo njinga ya mdzukulu wanga Obed nayonso sinkamveka. Tsiku limene anafika nayo ndinali pakhonde kusenda mtedza, ndinangodzidzimuka chinthu chobiriwira chaima pambali panga ngati chatsika kumwamba.

"Agogo, iyi ndi yamagetsi," anatero akuseka. "Siimwa petulo. Boma lachotsa msonkho wa pa boda pa njinga zotere kuti anthu azizigula, n'chifukwa chake nanenso ndakwanitsa."

Ine kusukulu sindinapondeko, koma msonkho ndimaudziwa. Ndili mtsikana ndinaona amuna akubisala m'mapiri a Ntchisi kuthawa amsonkho. Ndiye ndinamuuza kuti, "Iwe, boma likakukhululukira msonkho, anzako amene analipira sakukhululukira ayi. Uziyenda ukuliza belu, ndipo mlendo usamunyamule usanamufunse kwawo."

"Agogo inu mumaopa ngakhale tsamba likathothoka," anandiyankha choncho.

Obed ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndine, mothandizana ndi malume ake Andreya, mwana yekhayo amene wanditsalira. Njingayo anagula atagulitsa soya wa zaka ziwiri ndi ng'ombe imene anasiya amake. Mafuta atasowa, akabaza anzake akuswera pamzere ndi zigubu, iye ankangoyenda, Nachisaka, Boma, Nachisaka, Boma. Ndinkaona mmene ankamuyang'anira akamadutsa. Maso otero ndinawaonapo, sathera pabwino.

Lachiwiri lija, m'mwezi wozizira wa Juni, ndinalawirira kudimba, tsidya la dambo. Ndathirira mabedi awiri a kabichi, ndinaona mkazi wina akutsetsereka chothamanga, duku lili m'manja.

"ANambewe, siyani kheniyo! Obed wapha Susana!"

* * *

Ku polisi ya ku Boma ndinafika pa lole ya matola dzuwa lili paliwombo. Anandilola kulankhula naye pachitseko cha chitokosi. Malaya ake kumsana anali magazi okhaokha.

"Agogo, sindinamugunde. Ndinachita kumupeza."

"Unamupeza kuti?"

"Kumunsi kwa mtsetse wa pa Kamkuyu, pokhota paja. Ndinalawira kuperekeza munthu wothamangira minibasi yoyamba ya ku Lilongwe. Pobwerera, ndisanayambe kukwera mtunda, ndinaona munthu ali gone m'mbali mwa msewu, phala litatayika ponseponse. Anali mayi Susana a m'mudzi mwathu aja. Anali akupuma, agogo. Ndinawamangirira kumsana kwanga n'kutembenuza njinga. Atsirizikira pamsana panga, chipatala tikuchiona apo."

"Munthu unaperekezayo ndani?"

Anawerama. "Mlendo. Dzina sindinafunse."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinamuleka. Inu amene muli ndi ana oyenda pamsewu, auzeni azifunsa maina. Dzina la mlendo limatha kukutulutsa m'chitokosi.

Wapolisi amene ankagwira nkhaniyi anali mtsikana wamtali wa kumpoto, Sajeni Wezzie. Sankataya mawu.

"Amama, mdzukulu wanu akuti ankachokera kuno kupita kumtunda. Mboni ikuti inaona njinga yobiriwira ikutsika kuchokera kumtundako. Njinga yobiriwira dera lonseli ilipo imodzi."

"Njingayo yaphwanyika?"

"Ili ndi zokalikakalika. Koma njinga ya kabaza yosakalika munaiona?"

"Nanga adokotala akuti chiyani?"

"Mutu. Anamenyetsa mutu pamwala. Thupi tipereka mawa m'mawa. Kumaliroko ndikakhalako, chifukwa ndamva kuti ena akufuna kukutentherani nyumba. Lachinayi mnyamatayu apita kukhoti, kuchoka apo kundende ya Maula."

"Mboniyo ndani, mwanawe?"

Anandiyang'ana kanthawi, ngati akuyeza ngati ndingapirire.

"Vinsenti, tcheyamani wa akabaza."

* * *

Vinsenti ndinamupeza pa siteji yawo, pafupi ndi chigayo, atakhalira njinga yake yowuma mafuta, anzake atamuzungulira. Atandiona anavula magalasi akuda aja.

"Agogo, ine musandide. Ndanena zimene ndaona, basi. Ife njinga zathuzi tinalipira msonkho mpaka misozi, iye yake yalowa ulere ngati mwana wa abwana. Ife mafuta tikugula a m'zigubu, iye akungotchaja ngati foni. Tinanena kuti chinthu chopanda mawu pamsewu wa anthu oyenda pansi chidzapha munthu. Lero siizi?"

"Unali pati, bambo?"

"Pompano. Taonani, mtsetse uja sukuoneka tsidya ilo? Belu loyamba la kusukulu litangolira, ndinaona chobiriwira chikutsika, fumbi koboo."

"Panjingapo panali anthu angati?"

"Aaa, agogo, mtunda wonsewu ine ndiwerenge mitu? Ndine chiwombankhanga?"

"Unaimva kulira?"

Onse anafa nacho chikhakhali. Wina anachita kugwira pamimba.

"Ilira bwanji njinga yosalira? Agogo, kapumuleni, chisoni chakuzunguzani mutu."

Nthawi yomweyo chigayo chinayambanso. Pansi panagwedera, ndipo pakamwa pa Vinsenti pankangoyenda, mawu osamveka. Ndinasendera mpaka pakhutu pake.

"Chigayochi m'mawa chinali chitayamba?"

"Chimayamba mbandakucha!" anakuwa.

Choncho ngakhale lole ikanatsika mtsetse uja ikubangula, Vinsenti sakanaimva. Anaona mtundu wokha. Zimenezi ndinazisunga mumtima, osadziwa kuti ndizitani nazo.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Andreya anabwera kunyumba kwanga. Anakhala patali, pa mtondo wogubuduza, atavala chijekete chachikulu.

"Bambo a Hope, mwakamuona mphwanu kupolisi?"

"Ndipita, amayi. Musadandaule, ndipeza loya."

Sanakhalitse. Atangochoka panabwera mayi wina wa Chigwirizano, ndipo anaimirira kunja kwa mpanda, osalowa.

"Akuti mawa mulawire kusiwa. Eleanor, mkulu wake wa malemu, akuti mukasambitse ndinu."

* * *

Kuyambira chaka cha njala ija, maliro a akazi m'mudzi mwathu ndimasambitsa ndine ndi anzanga awiri. Koma pamaliro awa sindinkayembekeza kuitanidwa. Nditafika, amayi amene anali pakhomo anafumbatira miyendo kuti chitenje changa chisawakhudze. Eleanor analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Asiyeni alowe. Aone ndi maso awo zimene mdzukulu wawo wachita. Azigwire ndi manja."

Ndinalowa. Tinatseka chitseko, ine, Eleanor ndi anzanga awiri aja. Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake, ndipo amene simunalowemo mulimve: zimene waona pathupi la malemu sizituluka pakhomo. Kaya chotupa, kaya mphini, kaya zipsera za ndodo ya mwamuna, umasambitsa, umaveka, umatseka pakamwa mpaka nawe adzakusambitse. Amene anaswapo lamuloli anayambanitsa mabanja, ndipo ena anatchulidwa ufiti.

Kumutu ndinasambitsa maso anga ali kumbali. Susana anali mwana wabwino, ankandibweretsera nkhwani. Ndinatsika mpaka kumiyendo. Nditatembenuza mwendo wamanja, nsalu yonyowa inandipulumuka.

Pa katumba panali bala lozungulira ngati dzira la nkhuku. Silinali lokalika ndi miyala ngati ena aja. Khungu linali litasupuka, m'mbali muli matuza odzaza madzi. Bala lamoto, latsopano.

Bala limenelo mkazi aliyense wa kuno amalidziwa. Timalitcha chidindo cha kabaza. Ukakwera njinga yamoto n'kugunditsa mwendo pa ekizozi, chipaipi chotentha chotulutsa utsi chija, chimakudinda pamenepo. Inenso ndili nacho, ndipo kuyambira tsiku limenelo njinga sindikwera. Koma njinga ya Obed ilibe chipaipi chimenecho. Tsiku lina atachokera ku Bowe anandigwira dzanja n'kuliyendetsa njinga yonse kuti mantha andichoke. Panalibe potentha poti n'kupsa.

Ndinatola chitenje chimene Susana anavala, chofiira chokhala ndi nkhanga. Kumunsi chinali chitang'ambika, chidutswa chachitali palibe. Ndinanunkhiza. Petulo.

"Eleanor, mwana wanga, taona apa. M'bale wakoyu sanagundidwe akuyenda pansi. Anakwera njinga, ndipo inali ya petulo."

Nkhope yake inauma gwaa.

"ANambewe, mwabwera kudzasambitsa kapena kudzaweruza mlandu? Mukufuna thupi la mng'ono wanga likhale chionetsero kuti chigawenga chanu chituluke? Phimbani mwendowo."

Ndinaphimba. Panja amuna anali atayamba kale kupala matabwa. Mwambo unali woti uyambe dzuwa likangopendeka. Bokosi likakhomedwa, bala lija likalowa m'dothi, ndipo Obed akalowa ku Maula.

* * *

Ndinanamizira kuti ndikukasintha zovala, n'kulunjika ku mtsetse wa pa Kamkuyu. Pokhota paja phala linali litauma, nyerere zili nyomi. Chapamtunda pang'ono, a Yeremiya anali atatsamira mwala, mbuzi zawo zikudya. Ndi nkhalamba inzanga, anakwatira msuweni wanga.

"Alamu, dzulo m'mawa munali pano?"

"Ine ndi mbuzi tsiku lililonse tili pano. Koma ndikuuzirenitu, ine ndimaona mbuzi, anthu sindiwaona. Anthu ukawaona amakutengera kukhoti, ukakhale pabenchi tsiku lonse osadya."

"Chabwino. Nanga mbuzizo zinaona chiyani?"

Anaseka pang'ono, n'kufwenthera fodya wamphuno.

"Apo mwafunsa bwino. Mbuzi zangazi njinga ya Obed siziiwerengera. Imadutsa zili chidyere. Tsiku lina mnyamatayo anachita kutsika n'kukankha tonde uyo ndi manja. Koma dzulo zinabalalika kawiri. Koyamba belu la kusukulu litangolira. Kachiwiri pasanathe nthawi yoti munthu n'kumaliza chikonyo cha chimanga chootcha. Iyo yabereyo inalumpha ngalande, ndikuopa kuti itaya."

"Chinazibalalitsacho chinkalira?"

"Kulira kwake kosalala, kopanda chifuwa. Yatsopano imeneyo, osati zikhakha za anyamata a pa siteji."

"Obed anafika nthawi yanji?"

"Mbuzi zitabwerera kale n'kuyambanso kudya. Uyo sizinamuone n'komwe."

"Bwanji simunawauze apolisi?"

"Anandifunsa? Wapolisi amafunsa munthu wa nsapato."

"Kachiwiriko njingayo inalowera kuti?"

A Yeremiya anayang'ana mbuzi, anayang'ana kumwamba, kenako anakweza ndodo yawo pang'onopang'ono n'kuloza kanjira kolowa m'mabulugama.

"Mumsewu sinabwererenso. Inalowa umo. Alamu, ine sindinanene kanthu. Zanena ndi mbuzi."

Kanjira kameneko ndakayenda zaka zonse za moyo wanga. Sikapita kumsika, sikapita kutchalitchi. Kamathera pamakomo awiri okha, langa ndi la Andreya.

* * *

Chigafa cha fodya sichikhala ndi makoma, chimafuna mphepo. Koma chaka chino, mabelo atapita ku okushoni, Andreya anatchinga chake ndi mphasa ndi masaka, akuti mbuzi zisadye soya. Masabata awiri apitawo kunabwera lole, akuti yadzatenga fodya, fodyayo atapita kale. Inafika matayala ataphwatalala, inabwerera ikudumphadumpha. Ndinaona zonsezo. Ine amene ndimachenjeza mudzi wonse, pa mwana wanga ndinatseka pakamwa.

Ndinakankha mphasa n'kulowa. Fungo la petulo linandilandira. Munali mabokosi akuluakulu asanu, lililonse lili ndi chithunzi cha mphezi ngati chimene chili panjinga ya Obed. Kuwerenga sinditha, koma chizindikiro chimenecho ndimachidziwa. Kumapeto, pansi pa chilona, panali njinga yomangamanga, yobiriwira, yopanda nambala. Galasi limodzi linali losweka. Kumanja kwake chipaipi chija chinkanyezimira. Ndinagwada n'kusuzumira kutayala lakumbuyo. Nsalu yofiira inali itakulungika m'masipoko, mutu wa nkhanga ukuonekera.

Ndinaisolola n'kuimanga pamfundo ya chitenje changa.

"Amayi, mukufunamo chiyani muno?"

Anali ataima pa mphasa paja, atavala kale jekete la kumaliro. Dzanja lamanja analimanga kansalu.

"Bambo a Hope, izi ndi za yani?"

"Ndi za munthu wa ku Lilongwe. Ine ndikungosunga." Ankalankhula motsitsa, maso ali panja. "Pamapepala analemba kuti ndi zamagetsi kuti zidutse pa boda popanda msonkho. Mabokosi ndi a zamagetsi, koma m'katimo ndi za petulo. Timati tizipente zakuda n'kuzigulitsa m'midzi mmene anthu safunsa mapepala. Ambiri akuchita zimenezi, amayi."

"Iwe Andreya, sindikufunsa za ambiri. Dzanjalo watani?"

Anakhala pansi, pa bokosi limodzi.

"Ndinamanga imodzi, ndimati ndingoiyesa pang'ono anthu asanachuluke. Pamphambano Susana anandiimitsa. Mwana wake wachira kuchipatala, ndiye amathamangira ndi phala. Anati, 'Achimwene, nanunso mwagula ngati ya Obed? Koma yanuyi ndi yolongolola.' Ndikanamukana bwanji? Pamtsetse paja chitenje chinalowa m'tayala. Chinamukoka, tonse tinagwa, njinga inamugwera pamwendo."

"Unaichotsa?"

"Ndinaichotsa."

"Anali akupuma?"

Anayamba kusisita dzanja lomangidwalo.

"Ndikufunsa iwe. Anali akupuma?"

"Anali akupuma, amayi. Koma ndinaganiza kuti ndikapita naye kuchipatala, apolisi afunsa nambala, afunsa mapepala, abwera muno. Ndinati msewu uno ndi wa anthu, wina adutsa posachedwa, amutola."

"Wina anadutsadi."

Anagwira kumaso ndi dzanja labwinolo. Mwana ameneyu anabadwa m'chaka cha dzombe, ali wochepa ngati botolo, ndinamufunditsa ndi thupi langa miyezi iwiri. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinali ndisanadziwe kuti mkhatewo ungakhale chifuwa changa.

"Amayi, tamvani. Obed alibe mlandu, khoti likaona. Akakhalako miyezi ingapo basi, loya ndimulipira ine. Koma ine akandigwira ndi milandu iwiri, wa Susana ndi wa msonkho, ndipo eni katunduyu si anthu oseka nawo. Hope ndi ang'ono ake adya chiyani? Munabereka asanu, ndatsala ndekha. Adzakuikani m'manda ndani?"

"Iwe ndiwe mwini mbumba. Amake a Obed pomwalira anagwira dzanja lako, lomwe wamangalo."

"Ndipatseni kansalu mwasolola m'tayalako."

Anaimirira. Ndi mwamuna wamphamvu, akanatha kundilanda ndi zala ziwiri. Ndinagwira mfundo ija ndi manja onse. Anandiyang'ana, n'kubweza dzanja lake.

"Ukanene wekha," ndinatero. "Wapolisi ali kumaliro konko. Ndikudikira mpaka anthu amalize kuona nkhope. Ukanena wekha, Mulungu ndi anthu akakuonako mbali ina."

"Tiyeni kumaliro, amayi. Ndikapanda kuoneka anthu adabwa."

* * *

Anthu anadza ambiri, mpaka ena kukhala m'munda wa mbatata. Sajeni Wezzie anaima pansi pa mtengo wa mango ndi mnzake wamfuti. Bokosi analitulutsa pabwalo, amayi a Chigwirizano atalizungulira ndi zoyera zawo, ndipo mkulu wa mpingo anati achibale ndi anansi ayambe kuona nkhope.

Ndinakhala kumapeto kwa amayi, pandekha, maso anga ali pa Andreya. Mzere wa abambo unayenda. Vinsenti anadutsa magalasi ali m'manja. Andreya anafika pabokosi, anaima pang'ono, ndipo ndinati mumtima, Ambuye, mutembenuzireni ku mtengo wa mango. Anayang'ana nkhope ya Susana. Kenako anapita kukakhala pa benchi ya akuluakulu, n'kupinda manja.

Nyimbo inatha. Kalipentala anabwera ndi hamala, misomali ili kukamwa.

Ine ndine munthu wamantha. Ndimaopa mphezi, ndimaopa jakisoni, pamsonkhano sindinalankhulepo. Mmene ndinaimirira sindikudziwa.

"Musakhome!"

Bwalo lonse linatembenuka. Wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Kumbuyo mnyamata wina anakuwa kuti, "Achoke mfitiyo!" Eleanor anadzuka, maso ali psuu.

"ANambewe, mwatiphera munthu, tsopano mukufuna mutinyozerenso maliro?"

"Ndikuswa lamulo la kusiwa, ndikudziwa. Mukadzafuna musadzandisambitse. Koma wapolisi uyo ndi mkazi mnzathu, alowe aone mwendo wamanja wa Susana."

Phokoso linakula. Pamenepo ndinachita chinthu chimene nkhalamba sichita pamaso pa apongozi ndi abusa. Ndinakweza chitenje changa mpaka m'bondo n'kuonetsa chipsera changa.

"Amayi, ndani pano alibe chidindo ichi? Chimachokera kuti?"

Ndinaona manja a amayi angapo akutsikira ku akatumba awo.

"Susana ali nacho chadzulo, matuza ake osaphulika. Njinga ya Obed ilibe potentha. Vinsenti, iwe umadziwa njinga, ndikunama?"

Vinsenti anatsegula pakamwa, anayang'ana anzake, n'kuyang'ana pansi.

"Ilibe ekizozi," anatero motsitsa.

Sajeni Wezzie anali atafika kale pabokosi. Analankhula ndi Eleanor mwaulemu, mawu ochepa, ndipo amayi anayi analinyamula kubwerera nalo m'nyumba. Tinadikira. Panalibe woimba. Atatuluka, Eleanor sanandiyang'ane, anangokhala pansi pakhomo pomwepo n'kufunda kumutu. Wapolisiyo anabwera kwa ine, chitenje chofiira chija chili m'manja.

"Amama, bala ndaliona. Koma bala silitchula dzina. Njinga za petulo kuno zilipo zambirimbiri, ndipo yobiriwira palibe."

Ndinamasula mfundo. Ndinamupatsa kansalu kaja, ndipo iye anakalumikiza pong'ambika paja. Mutu wa nkhanga unakumana ndi thupi lake.

"Mwakatenga kuti?"

Ndinayang'ana ku benchi ya akuluakulu komaliza. Akanatha kuimirira ngakhale pamenepo. Anangondiyang'ana, ngati mmene ankandiyang'anira ali mwana ndikamupititsa kukabayitsa.

"M'chigafa cha mwana wanga Andreya," ndinatero. "Zilimo zisanu ndi imodzi."

* * *

Susana anaikidwa dzuwa litapendeka kwambiri. Ine kumanda sindinapite. Tsiku lotsatira kunabwera anthu a msonkho ndi lole yawo, anatulutsa mabokosi aja mudzi wonse ukuonerera. Mkazi wa Andreya anatseka chitseko nditapita kukamuona, ndipo Hope, amene ankanditungira madzi, anandidutsa pamjigo ngati chitsa.

Lachisanu m'mawa anandiitana ku Boma kuti ndikatenge Obed. Ndinakhala pa benchi ya mu ofesi, manja ali pamiyendo. Kumapeto kwa benchi yomweyo kunali Andreya. Anali atagona m'chipinda china masiku awiri akufunsidwa, ndipo tsopano ankamulembetsa kuti alowe m'chitokosi.

Chitseko chinatseguka, Obed anatuluka ataonda, akuphethira ndi kuwala. Wapolisi anamuponyera nsapato zake ndi lamba. Palibe amene anali atamuuza kanthu. Atationa nkhope yake inawala, ndipo anadutsa ine n'kukagwada pamaso pa malume ake, manja awiri ali patsogolo.

"Amalume, ndinadziwa kuti simundisiya muno. Ndinawauza anzanga m'katimo kuti amalume anga akubwera. Zikomo kwambiri."

Andreya sanalandire manjawo. Wapolisi wa pa kauntala anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Bambo, ndanena kale. Vulani nsapato ndi lamba."

Andreya anawerama n'kuyamba kumasula zingwe ndi dzanja limodzi. Obed anayang'ana nsapato zimene anali atanyamula, anayang'ana za malume ake, kenako anatembenukira kwa ine, akadali chigwadire.

"Agogo?"

"Vala nsapato, mwana wanga," ndinatero. "Ndikuuza panjira."